Za mlandu wa mng'ono wanu kuno ku Joni

Johannesburg, Okutobala

Achimwene Aphiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ana ndi mayi. Kuno tilipo. Chisanu chatha, mvula yoyamba yagwa, ndipo mitengo ya jakaranda yayamba kuyala maluwa ake m'misewu.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva tsiku lomwelo, koma sindinayankhe dala. Munafunsa ngati n'zoona zimene wanena munthu wotsika basi uja, zoti mng'ono wanu anamangidwa chifukwa chakuba. Funso lotere siliyankhika ndi kavoisi ka mphindi imodzi. Ndiye ndakhala pansi usiku uno ana atagona, ndipo ndikupemphani kuti kalatayi mukawawerengere mayi mutakhala nawo pakhonde, osadumpha kalikonse.

Zoti anamangidwa n'zoona. Zoti anaba n'zabodza. Mlandu unatha Lachitatu lapitali, khoti lamupeza wosalakwa. Koma ndili ndi choti ndipepese. Mu Julayi, pamene munatiuza za imfa ya malume, iye anakuyankhani kuti mayeso amupanikiza. Kunalibe mayeso. Bodza limenelo ndinamupangira ndine, poopa kuti mayi ndi BP yawo ija angasenze zolemera ziwiri sabata imodzi. Ndamva kuti kumudziko akuti mwanayu watchona, waiwala amene anamulera. Werengani kaye, muweruze pambuyo.

Zonse zinayamba ndi foni. Mu Febuluwale anagula foni yakale pa kathebulo ka anyamata okonza mafoni cha ku Noord, kumene kumaima matakisi, pa mtengo wa R1 800. Sanadziwe kuti foniyo inalandidwa kwa mayi wina pa maloboti milungu itatu m'mbuyomo. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake, amati IMEI, ija imatuluka ukadina *#06#, ndipo ngakhale utaye SIM khadi yakale n'kuikamo yako, a kampani ya foni amaona kuti tsopano muli nambala ya uje. Kunonso SIM khadi imalembetsedwa ndi dzina la mwini wake. Ndiye apolisi sanavutike. Lachinayi lina mu Malichi anamuimbira ngati anthu ofuna kumupatsa ganyu yokonza magetsi. Iye n'kunyamula kachikwama ka zipangizo mokondwa, n'kukawapeza pamalo omwetsera mafuta. Anachokapo ali mu unyolo, cha m'ma 6 koloko madzulo.

Ine ndinamva cha m'ma 9 usiku atamulola kuimba foni. Kupolisi ndinapeza atamuvula kale lamba ndi zingwe za nsapato, atamudinda zala, katundu wake atamulembera lisiti. Anamupatsanso kapepala kofotokoza ufulu wake wokhala chete, wopeza loya ndi wolankhula ndi abale. Zimenezi zili m'gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino a 1996, ndipo gawolo silinena za nzika zokha, limati munthu aliyense, kutanthauza kuti ngakhale ife amene amatitcha makwerekwere tilimo. Chimene ndinatengako usiku umenewo ndi nambala ya mlandu, amati CAS, ndi dzina la wapolisi wofufuza. Ndinalemba pachikhatho chifukwa pepala ndinalibe. Popanda nambala imeneyo, ukafunsa za munthu wako amangokuyang'ana ngati ukufunsa za mbuzi yosochera.

Mlandu umene anamutsegulira sunali wolanda. Unali wopezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ndi wobedwa, n'kulephera kufotokoza mogwira mtima kumene unamutenga. Lamulo lake ndi lakale, la 1955, koma likugwirabe anthu tsiku ndi tsiku. Mng'ono wanu anawauza pomwepo kuti foniyo anachita kugula, pa mtengo wakuti, pamalo akuti. Atamubweretsera chikalata cha Chingerezi kuti asaine, anati adikira loya. Pamenepo mwanayu anachita zachikulu, ndipo mawu amene ananena usiku umenewo sanawasinthe mpaka tsiku lomaliza.

Ine ndinapita ndi nzeru za kwathu zoti belo ya kupolisi ndi yaulere. Kuno belo ya kupolisi ilipo, koma ndi ya ndalama, ndiponso ndi ya milandu ing'onoing'ono. Anandiuza kuti foniyo ndi yodula ndipo nkhaniyo ikukhudza zolanda, choncho iwo sangamutulutse. Pambuyo pake ndi pamene ndinadzamva kuti pa milandu ina yapakatikati woimira boma amatha kuitanidwa usiku kapena Loweruka n'kupereka belo munthu asanafike kukhoti. Ndikanadziwa ndikanayesako. Lamulo limati womangidwa akaonekere pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, monga zilili kwathuko, koma maolawo akathera Loweruka kapena Lamulungu amadikira tsiku loyamba limene khoti ligwire ntchito. Werengani nokha: Lachinayi madzulo kuwonjezera masiku awiri ndi Loweruka madzulo. Ndiye kunali kudikira Lolemba. Mwayi wake Pasaka anali asanafike, apo bii akanakhalamo mpaka Lachiwiri.

Loweruka m'mawa, ndikutuluka kupolisi kumene ndinakasiya buledi ndi juzi, munthu wina anandigwira paphewa n'kundipatsa moni wa Chichewa chenicheni cha kwathu, mpaka kundifunsa mfunda. Jekete lachikopa, makiyi a galimoto akulira m'manja. Anati amadziwana ndi akuluakulu a mkatimo, ndipo ndikapeza R5 000 doketi isowa, ndiye fayilo ya mlandu ija, mwana agona kunyumba tsiku lomwelo. Sindikubisirani, achimwene, ndinathamangira kunyumba kukatenga ndalama ya lendi. Amene anandiletsa ndi alamu anu. Anaima pakhomo manja ali m'chiuno, amvekere: "Bambo, munthu wokugulitsani ufulu pamsewu ndi mbale wake wa amene anagulitsa foni uja." Ndinakwiya, koma ndinakhala pansi. Patapita miyezi itatu ndinakumana ndi mayi wina wa ku Mangochi pabenchi ya kukhoti amene anapereka ndalama kwa mwini jekete lomwelo. Mwana wawo anali adakali mkati, ndipo foni ya munthuyo inali itasiya kugwira.

Lolemba ndinachita zopusa zanga. Ndinadzuka 5 koloko n'kupita kukhoti lalikulu la majisitireti m'tauni ku Marshalltown, poganiza kuti milandu yonse ya ku Joni imathera kumeneko. Ndinaima panja pafupi ndi chipilala chachitsulo cha Nelson Mandela akuponya nkhonya, moyang'anizana ndi Chancellor House, nyumba imene iye ndi Oliver Tambo anatsegulamo ofesi yawo ya uloya mu 1952. Ndinasirira zimenezo ola lathunthu ngati mlendo wodzaona malo, mpaka mlonda wina atayang'ana nambala ya CAS anandiuza kuti mlandu umapita kukhoti la dera la polisi imene yautsegula. Matakisi awiri, thukuta kamukamu, ndinafika 11 koloko.

Sindinachedwe, dzina lake linali lisanaitanidwe. Chipindacho chili ngati katchalitchi: mabenchi kumbuyo, majisitireti pamwamba atavala mkanjo wakuda, wapolisi pakhomo wokuuza kuti vula chipewa, zimitsa foni. Omangidwa amatulukira pansi, pa masitepe ochokera ku zitokosi za kunsi kwa khoti. Ndinangoona mutu wake ukutuluka, kenaka mapewa, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe poti lamba analibe. Anandifunafuna ndi maso, atandiona anaweramira pansi. Majisitireti anamufunsa ngati akufuna loya wodzilipirira, wa boma, kapena adziyankhulira yekha. Anasankha wa boma, a Legal Aid. Woimira boma anaimirira n'kupempha masiku 7 kuti apolisi akaone ngati akukhaladi kumene wanena, afufuze ngati ali ndi milandu ina, ndiponso a Home Affairs, oona za olowa ndi otuluka m'dziko, atsimikize kuti chitupa chake cha sukulu, chomulola kukhala kuno ngati wophunzira, si chachinyengo. Lamulo la 1977 loyendetsera milandu limawalola kutero. Majisitireti analemba, n'kutchula tsiku. Zonsezo mphindi zitatu. Mutu uja unabwereranso pansi, ine ndidakali ndi nthochi m'thumba zimene ndinamugulira.

Sabata imeneyo ndi imene ndinaphunzira kuti kuno munthu ndi adiresi. Kwathu akafuna kudziwa ngati uthawa amafunsa mudzi wako ndi amfumu ako, abale n'kubwera kudzakuimira. Kuno amafuna nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi pepala. Tsono mng'ono wanu amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya agogo ena, lendi amapereka pamanja, palibe cholemba chilichonse. Amastandi akewo, eni nyumbawo, atangomva mawu oti apolisi anatseka chitseko, akuti sakufuna mavuto pakhomo pawo. Ndinapitako madzulo awiri, ndi shuga ndi Chizulu changa chothyokathyoka, kuwakumbutsa kuti mwanayu ndi amene anawakonzera gizara yawo osalipiritsa. Tsiku lachitatu anavala duku, n'kutenga chitupa chawo ndi kalata ya bilu ya madzi, tinapita limodzi kukalumbira kuti mnyamatayu amakhaladi pakhomo pawo. Kusukulu anatipatsa kalata yosonyeza kuti ndi wophunzira wawo. Wapolisi wofufuza anabwera Lachisanu, anasuzumira m'kachipindamo, anaona bedi ndi mabuku, n'kumapita. Ndinaona anthu a milandu yochepa kuposa uwu akukhala miyezi pa rimandi chifukwa choti mkuku, kachisakasa kamene amagonamo, ulibe nambala, kapena anapereka adiresi ya mnzawo amene apolisi atafika anawakana.

Masiku 7 amenewo anali kundende ya odikira milandu. Kuno mukamva munthu akuti wapita ku Sun City musathamangire kuganiza za hotela ya juga ya ku North West ija, chifukwa ndi dzinanso lachipongwe la ndende yaikulu ya Johannesburg, kumwera kwa tauni. Za mkati adzakuuzani yekha akadzafuna, ine sindimufunsa. Chimene ndinganene n'choti m'ndende muli maloya ambiri osapita kusukulu. Nditapita kukamuona, mawu ake oyamba anali oti: "Achimwene, anzanga akuti ndingovomera, ndilipire chindapusa, nditulukemo muno." Ndipo kunena zoona, nditamuona mmene analili, inenso ndinaona ngati ndi nzeru.

Amene anatibweza ndi loya wa Legal Aid, mtsikana wochepa thupi woyenda akukoka chikwama cha matayala chodzaza mafayilo. Nthawi yocheza analibe, tinkalankhula tikuyenda m'khonde. Anatiuza kuti kuvomera, ngakhale kuja kolipira kachindapusa kupolisi osafika n'komwe pamaso pa woweruza, n'chimodzimodzi kupezeka wolakwa. Dzina limalowa m'kaundula wa olakwa, ndipo kuti upemphe lifufutidwe pamafunika zaka 10, komanso si milandu yonse imene imafufutika. Pokawonjezera chitupa cha sukulu amafuna kalata ya kupolisi yonena ngati uli ndi mlandu kapena ayi. Pamenepo ndinakumbukira matumba a soya ndi mtedza amene mwakhala mukugulitsa zaka ziwiri kuti mwanayu aphunzire za magetsi. Zonsezo zikanalowa m'madzi chifukwa chofuna kutuluka msanga. Ndinamufunsa loyayo kuti zikavutitsitsa angaseweze zaka zingati. Anati khoti laling'ono ngati limene tinaliri silipitirira zaka 3, lalikulupo, la rijino, limafika zaka 15 ndipo pa milandu ina yoopsa limapitirira pamenepo, koma anati tisayambe kuwerenga zaka munthu asanaweruzidwe.

Chitupa chija chinamupulumutsa kwambiri. M'chitokosi anali ndi mnyamata wa ku Nkhotakota amene analowa ndi masiku 30 aja amatidindira pachipata, n'kukhala zaka ziwiri. Mlandu wake wa ndewu unathetsedwa, koma kunyumba sanapite. Kukhala m'dziko muno popanda chilolezo ndi mlandu pawokha pansi pa lamulo la 2002 loona za olowa ndi otuluka, ndipo mapeto ake ndi ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kwawo. Khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu 2017 kuti otere nawonso azionekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo sayenera kusungidwa kupitirira masiku 120. Koma ngakhale zonse zitayenda mwa lamulo, ulendo ndi wa kumudzi basi, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 amamuletsa kulowanso zaka 5. Anyamata a pamsika paja amene akusonkha ndalama ya basi muwauzeko zimenezi.

Lolemba lotsatira woimira boma sanatsutse belo. Loya anawerenga chikalata cholumbirira, majisitireti anati R2 000. Akanamuika mlandu wolanda ndi mfuti bwenzi tikunena zina, chifukwa pa milandu yoteroyo lamulo limatembenuka, womangidwa ndi amene ayenera kuonetsa zifukwa zapadera zoti atulukire. Ndalamayo tinasonkherana a gulu lathu la maliro, ena R100, ena R200, mayi wina wogulitsa mandasi anapereka R50 ya makobidi okhaokha. Ndinakalipira pawindo la kalaliki wa khoti, n'kundipatsa lisiti ya dzina langa. Belo si chindapusa, achimwene, ndi chikole. Munthu akamabwera kukhoti tsiku lililonse limene wauzidwa, ndalamayo imabwerera kwa amene analipira, kaya mlandu wamukomera kaya wamugwera. Lisitiyo ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuiika m'Baibulo. Koma belo inabwera ndi zingwe zake: pasipoti ikhale kwa wapolisi wofufuza, azikasaina kupolisi Lachisanu lililonse, asatuluke m'chigawo cha Gauteng, asalankhule ndi mwini foni.

Tinkaganiza kuti zatha. Kunali kuyamba kumene. Kuchokera mu Malichi mpaka sabata yathayi tapita kukhoti kasanu ndi kawiri. Ulendo wina akuti kufufuza sikunathe. Wina doketi sinabwere kuchokera kupolisi. Wina magetsi anazima ndipo makina ojambula mawu sankagwira. Wina wotanthauzira Chichewa sanapezeke, chifukwa loya anaumirira kuti ngakhale mwanayu Chingerezi amachidziwa, nkhani ya moyo wake ailankhule m'chilankhulo chimene amalotera, ndipo ufulu umenewo ulinso m'gawo 35 lija. Ulendo uliwonse ndi tsiku lathunthu: kufika 8 koloko, kufunafuna dzina pa mndandanda, kukhala pabenchi mpaka 2 kapena 3 koloko, n'kumva tsiku lina. Iye kujomba kusukulu, ine kujomba kuntchito. Abwana anga poyamba ankamvetsa, pofika ulendo wachinayi anayamba kundidula ya tsiku.

Pabenchipo ndi pamene ndinaona chimene chimachitika munthu akapanda kubwera. Wapolisi wa pakhomo amatuluka n'kuitana dzina katatu m'khonde. Kukakhala zii, majisitireti amalemba chikalata choti munthuyo amangidwe, belo n'kuimitsidwa, ndipo akapanda kuonekera ndi chifukwa chomveka pasanathe masiku 14, ndalama ija imapita ku boma. Ndinaona agogo ena a ku Zimbabwe akulira chifukwa cha R3 000 imene anakongola kuti atulutse mdzukulu, mdzukuluyo n'kusowa.

Tsono apa ndi pamene uthenga wa malume unatipeza, Lachiwiri lina mu Julayi, chisanu chili pachimake. Mng'ono wanu anabwera kwathu usiku ali ndi kachikwama kumsana. Anali atalankhula kale ndi munthu wina woyendetsa katundu wa kumudzi, amene anati angathe kumuwolotsa ku Beitbridge popanda pasipoti, kudzera Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Dedza. Ankati: "Malume anandiphunzitsa kupalasa njinga, anandilipirira Fomu 1, ndiye ndilephere kukaponya dothi?" Ndinaimbira loya m'mawa mwake. Anati n'zotheka kupempha khoti kuti lisinthe zingwe za belo, koma pempho lotero limafuna tsiku lake pamaso pa majisitireti, woimira boma ayankhe, ndipo kwa mlendo wopempha pasipoti kuti atuluke m'dziko mlandu uli pakati, chiyembekezo n'chochepa. Inu munali mutanena kuti mwambo ndi Lachinayi. Lachisanu anayenera kukasaina. Ndinamulanda kachikwama kaja n'kukatsekera m'kabati, ndipo ndinamuuza mawu amene atate anu ankakonda, oti mlandu suola. Akanapita, dzina lake likanaitanidwa katatu, chikalata chikanatuluka, ndipo tsiku lililonse limene akanadzapondanso dziko lino akanamugwira ngati wothawa, sukulu itathera pomwepo. Sanandilankhule masiku atatu. Lachinayi lomwe munkaika maliro tinasonkhana anthu 12 m'chipinda changa, tinaimba nyimbo za m'buku, iye anakhala pakona atafunda bulangete kumutu, osadya. Ngati pali woti mayi amukwiyire chifukwa cha malo amene anali opanda munthu kumanda kuja, ndine.

Lachitatu lapitali zonse zinakumana: doketi, magetsi, mboni, ndi wotanthauzira, bambo wina wa ku Lusaka. Woimira boma atawerenga mlandu, bamboyo anatembenuka n'kunena kuti: "Manje iwe, uvomela olo ukana?" Mng'ono wanu anatsala pang'ono kuseka m'khoti. Anati, "Ndikukana."

Woyamba anali mwini foni, mayi wa zaka ngati za alamu anu, mawu akunjenjemera. Ndinamumvera chisoni, iyenso anali atajomba kuntchito kangapo chifukwa cha foni yake yomwe. Anafotokoza mmene anamuthyolera galasi la galimoto pa maloboti. Loya wathu anamufunsa funso limodzi lokha, ngati munthu amene waima apoyo anamuonapo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuti ayi, amene anamulanda anali wamtali, wa chipsera patsaya. Kenaka wapolisi wofufuza. Anavomera kuti mnyamatayu anawauza usiku womwewo kumene anagula foniyo, ndipo atafunsidwa ngati anapitako, anati anapita patadutsa milungu iwiri n'kupeza kathebulo kaja palibe.

Kenaka mng'ono wanu analowa m'bokosi la mboni, n'kulumbira. Apa ndi pamene loya anatulutsa kapepala kamene ndinakapeza Lamulungu lija iye ali m'chitokosi. Ndinali nditagwedeza zonse m'kachipinda kake, matumba a mabuluku, pansi pa matiresi, m'chitini cha shuga, mpaka kanagwa kokha kuchokera m'buku lake la mawaya a magetsi, mmene ankasungira tsamba. Kalisiti kong'ambidwa m'kabuku, kopanda dzina la shopu, kolembedwa ndi bolopeni yofiira: tsiku, R1 800, ndi nambala ya IMEI. Woimira boma anamupanikiza pafupifupi theka la ola. Sunadabwe ndi mtengo? Bokosi lake linali kuti? Dzina la wogulitsa ndani? Ine thukuta m'manja. Iye ankayankha pang'onopang'ono, kudikira wotanthauzira amalize, ndipo chimene sankachidziwa ankati sindikudziwa. Anati galasi la foniyo linali long'aluka pakona, ndipo anafunsa mitengo pa mathebulo ena atatu asanagule.

Majisitireti anapereka chigamulo itakwana 3 koloko. Anati udindo wotsimikiza mlandu mosasiya chikayiko ndi wa boma, ndipo ngati zimene wanena woimbidwa mlandu zingathe kukhala zoona, khoti liyenera kumumasula. Asanamulole kutsika anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumuuza kuti ulendo wina akafuna foni akalowe m'shopu ya chitseko. Mng'ono wanu anangoti "Thank you, Your Worship", osadikira wa ku Lusaka uja. Panja anakhala pa masitepe n'kuyamba kulira, ndipo ndinamusiya alire.

Pasipoti anatenga Lachisanu. Ndalama ya belo ndinakatenga ndi lisiti ija pamodzi ndi pasipoti yanga, ndipo Lamulungu ndinabweza kwa aliyense monga anaperekera. Mayi wa mandasi uja anakana yake, akuti mwanayu agulire sopo. Foni inabwerera kwa mwini wake, R1 800 ija inapita. Amene analanda ndi amene anagulitsa sanapezeke.

Mwanayu waonda, ndipo akamva galimoto ikuima pageti amadzidzimuka. Mayeso enieni tsopano ali mu Novembala, ndipo akuti akangomaliza akwera basi pa Park Station, akafika akufuna ayambire kumanda asanalowe m'nyumba. Kukuimbirani akuopa, akuti sakudziwa poyambira. Ndiye ndikupemphani muyambe ndinu. Lamulungu likubwerali mukaweruka kutchalitchi, mayi ali pafupi, imbani pa nambala yanga. Iye adzakhala ali kwathu kuyambira 2 koloko. Panopa akugwiritsa ntchito kafoni kanga kakale ka mabatani, ndipo WhatsApp sikadziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa mayi mwapadera.

Ndine mnzanu wa kale,
wa kutsidya kwa dambo